Kona ya njanji: madigiri, matcheni ndi mamita zimagwirizana bwanji?

Saveya_25

Akuluakulu, ndithandizeniko nzeru. Pali ntchito yojambula siding yaifupi, kanjira ka sitima kapambali, ku Kanengo, yopatuka pa njanji ina yakale ya m'mafakitale kukalowa kunyumba yosungiramo feteleza. Pathebulo pali mapepala atatu, ndipo lililonse likufotokoza kukhota kwa njanji m'njira yakeyake.

Pulani yakale ya pamalopo, yojambulidwa nthawi ya mafiti ndi mamailosi, ikuti kona yomwe ilipo kale ili ndi radius (mtunda wochoka pakati pa bwalo la konayo kufika panjanji) ya matcheni 10. Pepala la mutu wa sitima womwe uzidzakankha mabogi, wopangidwa ku America, silikutchula radius n'komwe. Langolemba kuti kona isapitirire 12°30′. Pepala la mabogi ndiye lili m'mamita, likuti radius isachepere 120.

Zamisewu ndimazidziwa, koma kunjanji kuno ndine mlendo. Kodi 12°30′ imeneyi ndi ngodya ya kona yonse, kuchokera poyambira mpaka pothera, kapena ndi china chake? Nanga nambala zitatuzi ndingaziike bwanji pa muyeso umodzi? Ndiponso ndingatsimikize bwanji, ndisananyamule total station, makina athu oyezera ngodya ndi mitunda, kupita nayo kumeneko, kuti zitsulo zomwe zili pansizo zikadali pomwe pulani ikunena? Malo omwe eni nyumbayo asiya akulola radius ya mamita 150 basi.

Mdala_wa_Limbe

A Saveya, choyamba chotsani m'mutu ganizo loti 12°30′ ndi ngodya ya kona yonse. Si iyo ayi. Nambala imeneyo ikunena za kuthina kwa kona, osati kutalika kwake. Kona yaifupi ndi kona yaitali zitha kukhala ndi digiri imodzimodzi.

Anthu a ku America ndi ku Canada amachita chonchi. Amatenga chord, mzere wowongoka wolumikiza malo awiri a pakona, ya mafiti 100, omwe ndi mamita 30.48, n'kuiika nsonga zake ziwiri pakati pa njanji yokhotayo. Akajambula mizere iwiri kuchoka pa nsongazo kupita pakati pa bwalo lonse, ngodya yomwe mizereyo yapanga ndiyo digiri ya kona. Ndiye kuti digiri ikakhala yaikulu, kona ndi yothina, radius ndi yaing'ono. Masamu ake enieni ndi awa: radius m'mafiti ndi 50 kugawa ndi sin (ija ya pa kakyuleta) ya theka la digiriyo. Kona ya digiri 1 imapereka mafiti 5,729.65, omwe ndi mamita 1,746. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku mungogawa 1,746 ndi digiri, mwapeza mamita. Madigiri 2 ndi mamita 873, madigiri 4 ndi 437, madigiri 6 ndi 291, madigiri 10 ndi 175.

Yanuyo ya 12°30′, theka lake ndi 6°15′, sin yake ndi 0.10887, ndiye 50 kugawa ndi imeneyo tikupeza mafiti 459, omwe ndi mamita 140. Chenjerani ndi ma minute, omwe amakwana 60 pa digiri imodzi. 12°30′ ndi 12.5 osati 12.30. Pa nambala iyi kusiyana kwake ndi mamita awiri okha, koma pa 4°30′ munthu wolemba 4.30 pa kakyuleta amapeza mamita 406 pomwe yoona ndi 388.

Kuti muone bwino kusiyana kwa madigiri awiriwa, ganizirani Horseshoe Curve ya pafupi ndi Altoona ku Pennsylvania, yomwe inatsegulidwa mu 1854. Kuthina kwake ndi madigiri 9 ndi pang'ono, radius yosafika mamita 200, koma sitima ikamatuluka m'konamo imakhala itatembenuka madigiri 220. Nambala yoyamba ndi yomwe ili pa pepala la mutu wanu, yachiwiri ndi yomwe inu mumaganiza.

Chifukwa chomwe anasankhira njira imeneyi n'chomveka kwa saveya aliyense. Pakati penipeni pa bwalo la kona ya radius ya mamita 900 pamakhala m'nkhalango, m'phiri kapena kutsidya kwa mtsinje, palibe amene angakaimepo n'kukoka tepi. Iwo ankaika makina oyezera ngodya poyambira kona, mnzawo n'kukoka tcheni cha mafiti 100, ndipo pa chikhomo chilichonse ankangowonjezera theka la digiri ya konayo. Kona ya madigiri 4, chikhomo choyamba madigiri 2 kuchoka pa mzere wowongoka, chachiwiri 4, chachitatu 6, mpaka kumaliza. Kutalika kwa kona nakonso kumapezeka pamtima: kona yotembenuka madigiri 24 pa kuthina kwa madigiri 4 ndi zikhomo 6, mafiti 600.

A zamisewu a ku America komweko amayeza mafiti 100 aja motsata kukhota kwenikweniko, osati pa chord yowongoka. Digiri 1 imawapatsa mafiti 5,729.58, kusiyana kosaoneka ndi maso. Koma kona ikamathina kusiyanako kumakula: pa madigiri 20, a njanji amapeza mamita 87.8, a misewu 87.3. Inu pokhala munthu wa zamisewu, onetsetsani kuti pulogalamu ya pa kompyuta yanu mwaiuza kuti igwiritse ntchito chord.

Ku India anatengera madigiri omwewo n'kuwasandutsa mamita: chord ya mamita 30.5, ndipo amagawa 1,750 ndi radius. Kusiyana ndi ya ku America n'kochepa zedi. Msampha weniweni uli m'mabuku omwe amawerengera digiri pa mamita 20, monga amachitira ku Mexico. Kumeneko nambala yogawa ndi 1,146. Munthu akatenga 12°30′ yanuyo n'kuiwerengera pa mamita 20, apeza mamita 92, amanga kona yotero ali wokhutira kuti watsata pepala, ndipo mutu wofuna mamita 140 udzakwera chitsulo tsiku loyamba lomwelo. Choncho digiri yomwe sanalembe kutalika kwa chord yake musaikhulupirire mpaka mutafunsa opanga makinawo.

Angelezi ankatchula radius mwachindunji koma m'matcheni. Tcheni chimodzi ndi mafiti 66, mayadi 22, mamita 20.1168, ndipo matcheni 80 ndi mailo imodzi. Njanji yathu inayamba m'manja mwawo: Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, ndipo ya ku Salima inatha mu 1935. N'chifukwa chake mapepala akale a kuno amadzaza ndi matcheni. Matcheni 10 anuwo ndi mamita 201, ndipo m'chiwerengero cha ku America ndi pafupifupi madigiri 8.7. Apa anthu amasokonezeka chifukwa nambala ziwirizi zimayenda mosemphana: matcheni akachuluka kona ndi yomasuka, madigiri akachuluka kona ndi yothina.

Ku Ulaya konse, ku China, ku Japan, ku South Africa ndi kwa anzathu a ku Mozambique amangolemba radius m'mamita. Njanji ya Tokaido Shinkansen ya mu 1964 anaimanga ndi makona a mamita 2,500, ndipo zomwe zinabwera pambuyo pake anakweza kufika 4,000. Mamita 4,000 m'madigiri ndi 0°26′, nambala yovuta kuigwira.

Ndiye mapepala anu atatu akuti: kona yakale mamita 201, mutu mamita 140, mabogi mamita 120. Wolamula ndi mutu. Pa mamita 150 mwatsala ndi mamita 10 okha opumira, ndipo ine sindingagone tulo ndi nambala imeneyo ndisanafunse chinthu chimodzi. Opanga mitu amapereka nambala ziwiri, ina ya mutu ukuyenda wokha, ina utakoleka bogi. Yachiwiriyo imafuna radius yokulirapo chifukwa zokolekera zili ndi malire a momwe zingapendekere. Fufuzani kuti 12°30′ ndi iti mwa ziwirizi.

Nabanda_PW

A Mdala afotokoza za pamapepala, ine ndiyankhe funso lachitatu la a Saveya. Chitsulo sichikhala pomwe anachisiya. Sitima imachikankhira kunja, kutentha kwa mu Okutobala kumachitupitsa, kuzizira kwa mu Juni kumachikokera mkati, ndipo aliyense wokonza ndi mgwala amasiyapo dzanja lake. Pulani imanena za tsiku lomwe anamanga, twayini amanena za lero.

Njira yake ndi ya versine. Njanji yokhota ili ngati uta, twayini ndiye nsinga yake, ndipo chomwe mukuyeza ndi mpata wa pakati pa nsinga ndi uta pakatikati penipeni. Zofunika: twayini wa nayiloni woonda koma wolimba, wopitirira mamita 20, tepi, rula yachitsulo ya mamilimita, choko kapena penti, kabuku, ndi anthu atatu. Wachinayi ayang'anire sitima, ndipo musakwere panjanji musanapatsidwe chilolezo ndi eni ake, ngakhale ioneke ngati yagona.

Yezerani pa chitsulo chakunja kwa kona, chifukwa ndicho chimatsogolera mawilo. Yambirani powongoka, mamita 30 kapena 40 kona isanayambe, n'kumalemba chizindikiro ndi nambala pa mamita 10 alionse mpaka mutatulukira powongoka tsidya linalo. Awiri agwire twayini pa chizindikiro 1 ndi 3, wachitatu ayeze pa 2. Kenako 2 ndi 4, kuyeza pa 3. Muzisuntha mamita 10 okha nthawi iliyonse kuti miyeso izilowana. Twayini akhudze mbali yamkati ya mutu wa chitsulo, mamilimita 14 kutsika kuchokera pamwamba, pomwe mlomo wa wilo umakhudza. Rula igone mopingasa, osati mopendekera.

Masamu ake: versine ndi chord kuchulukitsa ndi chord yomweyo, kugawa ndi radius yochulukitsidwa ka 8. Pa twayini wa mamita 20 zimafupika kukhala 50,000 kugawa ndi versine ya m'mamilimita, yankho ndi radius m'mamita. Kona yanu ikakhala ya matcheni 10 zoona, rula iwerenge mamilimita 249 kapena pafupi pamenepo. Pa twayini wa mamita 10 nambala yogawa ndi 12,500.

Dziko lililonse linadzisankhira twayini wogwirizana ndi muyeso wake kuti kapitawo asavutike ndi masamu padzuwa. Ku America amakoka mafiti 62, ndipo mainchesi omwe rula yawerenga ndiwo madigiri a kona. Ku India amakoka mamita 11.8, masentimita a pa rula ndiwo madigiri. Angelezi akakoka tcheni chimodzi ankagawa 99 ndi mainchesi n'kupeza radius m'matcheni. Zonsezi ndi masamu amodzi ovala zovala zosiyana. Ngati mukufuna kuona 12°30′ ndi maso, dulani twayini wa mamita 18.9, omwe ndi mafiti 62, ndipo pomwe rula ikupitirira mainchesi 12 ndi theka mutu wanuwo sudutsa.

Zomwe zimalakwika n'zodziwika. Twayini wamfupi amanamiza pa kona yomasuka: pa radius ya mamita 1,000, twayini wa mamita 10 amapereka mamilimita 12.5 okha, ndiye kuphonya milimita imodzi kwasuntha yankho ndi 8 pa 100 alionse. Wa mamita 20 amapereka 50, ndipo kuphonya komweko ndi 2 pa 100. Mphepo imakankha twayini, choncho yezani m'mawa kusanawombe, ndipo mukabwereza tsiku lina ikhale nthawi yomweyo kuti kutentha kwa chitsulo kufanane. Chitsulo chodyeka m'mbali chimawonjezera versine pamalo odyekawo. China chimatuluka kamlomo kachitsulo m'mphepete chifukwa choponderezedwa, ndipo rula ikagunda pakamlomoko imachepetsa. Pamfundo zolumikizira zitsulo, makamaka mabawuti akakhala olefuka, njanji imapanga kachigongono, ndiye chizindikiro chikagwera pamfundo lembani m'kabuku kuti ndi pamfundo. Powongoka gwiritsani timatabwa tiwiri tofanana, ta mamilimita 25, pansonga za twayini, n'kumachotsa 25 pa zomwe mwawerenga. Mukapanda kutero simudzaona pomwe chitsulo chakhotera mbali inayo, chifukwa twayini amangogona pachitsulo.

Musatenge muyeso umodzi wa pakati pa kona n'kunena kuti mwapeza radius. Mulembe yonse, mubwere nayo.

Saveya_25

Zikomo kwambiri a Mdala ndi mayi Nabanda. Opanga mutu ayankha kuti 12°30′ ndi ya chord ya mafiti 100, mutu utakoleka bogi. Miyeso ya twayini wa mamita 20, pa zizindikiro 1 mpaka 15, m'mamilimita, ndi iyi: 0, 2, 38, 121, 205, 262, 231, 270, 244, 250, 198, 118, 45, 3, 0. Chizindikiro 8 chili pafupi ndi mfundo. Nambala za pakatizo zikudumphadumpha, ndiye nditenge iti? Komanso chitsulo chakunja chikufunika kukwezedwa bwanji pa siding yatsopanoyo?

Nabanda_PW

Miyeso yabwino imeneyi, ikuwerengeka. Kuyambira 3 mpaka 5 nambala zikukwera ndi 83 kapena 84 pa chizindikiro chilichonse. Imeneyo ndi transition, chigawo chomwe kukhota kumayamba pang'onopang'ono kuti sitima isagwedezeke polowa, ndipo yanuyo ndi ya mamita 30 kapena kuposerapo pang'ono. Kuyambira 11 mpaka 13 ndi transition yotulukira. Kona yeniyeni ndi 6 mpaka 10. Phatikizani zisanuzo, mupeza 1,257, gawani ndi 5, mupeza 251. Ndiye 50,000 kugawa ndi 251 ndi mamita 199. Pulani yakale sinaname, matcheni 10 aja alipodi.

Koma wilo siliyenda pa avereji. Pa chizindikiro 8 versine ya 270 ikutanthauza radius ya mamita 185, pa 7 versine ya 231 ndi mamita 216. Mkati mwa mamita 10 sitima ikumasuka kenako n'kuthinidwa, ndipo pamenepo m'pomwe chitsulo chimadyeka msanga. Mukapita mukayang'ane mbali yamkati ya chitsulo pa 8, mukapeza powala ngati popala ndi tupa, ndi tizitsulo tonga mamba a nsomba pamasilipa.

Kukonza kwake kuli ndi lamulo limodzi. Mukakankhira chizindikiro kunja ndi mamilimita akutiakuti, versine yake imakwera ndi nambala yomweyo, ndipo ya zizindikiro ziwiri zoyandikana nacho imatsika ndi theka lake. Chizindikiro 7 chalowa mkati. Chikankhireni kunja ndi mamilimita 24: 231 ikhala 255, 262 ikhala 250, 270 ikhala 258. Kusuntha kumodzi kwakonza malo atatu. Wosadziwa amathamangira pa 8 poona nambala yaikulu, n'kukankhira mkati, koma akatero 6 imatsala pomwepo ndipo amayamba kuthamangitsa vutolo kona yonse. Njira yowerengera zosuntha zonse pa pepala musanagwire mgwala imadziwika ndi dzina la Hallade, injiniya wa ku France. Khomani zikhomo m'mbali mwa njanji, lembanipo mamilimita osuntha, fukulani miyala kumutu kwa masilipa mbali yomwe mukukankhira, ndipo mukamaliza bwezerani miyalayo n'kuitsendera. Ntchitoyi isachitike masana chitsulo chitatentha, chifukwa njanji yofukulidwa miyala itha kupindika yokha.

Chinanso chomwe chingakuthandizeni monga saveya: versine zonse pamodzi zikukwana 1,987, ndipo nambala imeneyi sisintha ngakhale musunthe motani, bola mizere yowongoka iwiriyo musaikhudze. Igaweni ndi 5,000, mupeza 0.397 m'ma radian, muyeso wina wa ngodya, omwe ndi madigiri 22.8. Imeneyo ndiyo ngodya ya kona yonse yomwe munkafunsa poyamba. Total station ikadzapereka yosiyana kwambiri ndi iyi, penapake pali cholakwika.

Chimwemwe_Civil

Ndiwonjezerepo pa funso lokweza chitsulo, chifukwa apa ndi pomwe mabuku akunja amapweteka anthu kuposa pa madigiri. Kusandutsa madigiri kukhala mamita sikudalira kukula kwa njanji. Koma cant, kutanthauza mamilimita omwe chitsulo chakunja chakwera kuposa chamkati, imadalira mpata wa pakati pa zitsulo. Njanji yathu ndi ya mamilimita 1,067, chimodzimodzi ya ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi TAZARA, yolumikiza Tanzania ndi Zambia. Ya ku America, yambiri ya ku Ulaya ndi yatsopano ya Mombasa mpaka Nairobi ya mu 2017 ndi ya 1,435. Njanji yakale ya pakati pa Tanzania ndi ya 1,000.

Masamu ake ndi mpata wa zitsulo kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi 127 yochulukitsidwa ndi radius. Liwiro m'makilomita pa ola, radius m'mamita. Mpatawo umayezedwa kuchokera pakati pa mutu wa chitsulo china kufika pakati pa chinzake, ndiye pa njanji ya 1,435 ndi pafupifupi 1,500, zomwe zimapereka nambala yotchuka ija ya 11.8. Pa yathu ndi pafupifupi 1,130, zomwe zimapereka 8.9. Mabuku ena amangotenga 1,067 yomweyo n'kupeza 8.4. Tiyese pa kona yanu ya mamita 200 pa liwiro la makilomita 40 pa ola. Ndi 8.9 tikupeza mamilimita 71. Ndi 11.8 tikupeza 94. Ya ku America, yomwe ndi 0.0007 kuchulukitsa ndi digiri ndi liwiro la mamailosi pa ola, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, ikupereka mainchesi 3.8, omwe ndi mamilimita 96. Wokopera buku la njanji yaikulu wawonjezera mamilimita opitirira 20 pa njanji yopapatiza. Sitima ya katundu ikamadutsa pang'onopang'ono kulemera konse kumatsamira pa chitsulo chamkati, mutu wake umaphwatalala, ndipo wilo lakunja limapepuka pomwe likufunika kugwira.

Pa siding yanu, mabogi akukankhidwa pa makilomita 15 pa ola mu radius ya mamita 150, masamu akupereka mamilimita 13. Ambiri saikapo cant konse pamalo otere, makamaka ngati mabogi aziima pamenepo popakira. Ngati eni njanji afuna kuti ikhalepo, ikwere pang'onopang'ono mu transition, osafulumira kuposa milimita imodzi pa mamilimita 400 alionse a kutalika. Kukwera mofulumira kumapotokola njanji, ndipo bogi lopanda katundu limanyamuka wilo limodzi.

Ndisiyaneko pang'ono ndi mayi Nabanda. Twayini ndi wabwino posalaza kona yomwe ilipo, koma sakuuzani pomwe konayo ili poyerekeza ndi khoma la nyumba kapena malire a puloti. Tizolakwika ta milimita imodzi imodzi tikaunjikana pa zizindikiro zambiri, kumapeto mumapezeka mwasuntha masentimita angapo osadziwa. Pomanga chatsopano total station ndi yosapeweka. Ndipo kumbukirani kuti radius ya pa pulani ndi ya pakati pa njanji, pomwe twayini wayeza chitsulo chakunja, chomwe chili theka la mita kunja kwake. Mukaika transition, kona yonse imasunthira mkati ndi kutalika kwa transition kuchulukitsa ndi kutalika komweko, kugawa ndi radius yochulukitsidwa ka 24. Transition ya mamita 20 pa radius ya 150 ndi mamilimita 111. Pa malo othina ngati anuwo, imeneyo iwerengereni musanakhome chikhomo choyamba.

Chomwe chimagumula makoma a nyumba zosungiramo katundu ndi kutaya kwa bogi. Bogi ndi lowongoka, njanji ndi yokhota, ndiye pakati pa bogi pamalowera mkati mwa kona, nsonga zake n'kutulukira kunja. Masamu ake ndi a versine omwe aja. Tinene kuti bogi ndi lotalika mamita 15 ndipo mapini omwe magulu a mawilo amazungulirapo atalikirana mamita 11. Pakati palowa 121 kugawa ndi 1,200, omwe ndi mamilimita 101. Nsonga zituluka 225 kuchotsa 121, kugawa ndi 1,200, mamilimita 87. Tengani miyeso yeniyeni pa pepala la mabogi anu ndi la mutu, n'kuwonjezera pa mpata wa pageti, pa nsanamira ndi pa khonde lopakirira. Khondelo likhale powongoka ngati n'kotheka, chifukwa pakona mpata wa pakati pa bogi ndi khonde umakula mpaka mwendo wa wonyamula thumba kulowamo.

Mdala_wa_Limbe

A Chimwemwe anena zoona pa cant. Ine ndiikire kumbuyo madigiri pang'ono, poti achinyamata amawaona ngati zachikale. Ubwino wawo ndi woti zonse zomwe zimavutitsa sitima pakona zimakula limodzi ndi digiri: versine, cant, ndi kulemera kwa kukoka. Digiri ikawirikiza, zonsezo zawirikiza. Radius imayenda chobwerera, ndiye kuchoka pa mamita 1,000 kufika 900 si kanthu, koma kuchoka pa 250 kufika 150 ndi nkhani ina.

Chitsanzo ndi chikweza. Kona imagwira sitima ngati ikukwera mtunda, chifukwa mawilo awiri amamangidwa pa ekiselo imodzi ndipo lakunja liyenera kuyenda mtunda wautali kuposa lamkati. Pa kona yanu ya ma radian 0.397, chitsulo chakunja n'chotalika masentimita 45 kuposa chamkati. Ku America amawerengera 0.04 pa 100 pa digiri iliyonse. Ku India amatenga 0.04 pa njanji yawo yaikulu ndi 0.03 pa ya mita imodzi, yomwe ili pafupi ndi yathu. Kona ya madigiri 8.8 ndiye ikuwonjezera pakati pa 0.26 ndi 0.35 pa 100. Chikweza cha 1 pa 60 chikakumana ndi kona yotere chimakoka ngati 1 pa 50. Pa njanji ya Salima kudzafika kuno ku Lilongwe, yomwe inatha mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, sitima imachoka pa mamita 500 pamwamba pa nyanja kudzafika pa opitirira 1,000, ndipo pamalo otero wojambula amachepetsa chikweza pakona paliponse kuti mutu usagonje pakati pa phiri.

Kwa inu a Saveya, popeza opanga atsimikiza kuti 140 ndi ya mutu utakoleka, 150 itheka, koma pokhapokha konayo isamalidwe. Mwaona nokha kuti kona ya 199 inali ndi malo a 185. Kuphonya kofananako pa kona ya 150, yomwe versine yake ndi mamilimita 333, kukufikitsani pa 352, omwe ndi mamita 142. Pa 357 mwafika kale pamalire a mutu. Choncho pindani zitsulo ndi makina zisanaikidwe, osazikakamiza ndi migwala, ndipo mfundo zisagwere pothina kwambiri. Chitsulo chamkati chizidulidwa pang'ono kuti mfundo zizikhala moyang'anizana. Funsani eni njanji kuti buku lawo likuti mpata wa zitsulo uwonjezedwe ndi mamilimita angati pa radius imeneyi, komanso ngati afuna chitsulo chachitatu chotchinjiriza mkati. Ku Britain amachiika pa njanji za anthu kona ikafika mamita 200 kapena kucheperapo, omwe ndi matcheni 10 akale aja. Ngati siding ikupatukira mbali yosemphana ndi kona yakale, siyani powongoka pakati pa makona awiriwo posachepera kutalika kwa bogi lalitali kwambiri, apo ayi zokolekera zidzakankhirana m'mbali pokankha mabogi. Pa pulani yanu yomaliza lembani radius m'mamita, ndipo pambali pake muikepo versine ya twayini wa mamita 20 pa chizindikiro chilichonse, kuti kapitawo wodzasamalira konayo azikhala ndi nambala yoti ayeze ndi rula.